Dzanja pa Mkombero wa Thanki ya Nsomba

Ababa anagwira ntchito yophika kwa zaka zambiri m'nyumba ya azungu ena kumayadi. Azunguwo atatsala pang'ono kubwerera kwawo, anawauza kuti asankhe chinthu chimodzi mwa katundu wa m'nyumbamo. Munali firiji, munali sitovu ya magetsi, munali mipando ya sofa. Ababa analoza thanki ya nsomba. Amayi nkhani imeneyi ankaikumbutsa nthawi iliyonse ndiwo zikasasa m'nyumba mwathu ku Kawale.

Thankiyo inali bokosi lagalasi, lalitali ngati chitseko chogoneka, lokhala pa miyendo yachitsulo. M'mphepete mwake, pamwamba ndi pansi, munazungulira mkombero wakuda wa pulasitiki, ndipo pakatikati pa mkombero wapamwamba panadutsa mtanda wa pulasitiki yemweyo, wochokera pa galasi lakutsogolo kufika pa lakumbuyo. Ine ndi Amayi tinkaona ngati zonsezo n'zokongoletsa chabe. Thanki inatenga khoma lonse la pabalaza, moti mpando umodzi unasamukira pakhonde. Anthu a mu mzere wa nyumba zathu ankaitcha TV ya abambo, Amayi ankaitcha khola la ndiwo zongoonera.

Loweruka lililonse Ababa ankachotsako madzi ndi kapaipi n'kuthiramo ena amene anawagoneka m'ndowa kuti fungo la mankhwala a pampope lithe. Magetsi akazima, kamakina kopopera mpweya kankaima, ndiye iwo ankakhala pambali ndi kapu, kutunga madzi n'kuwathiranso kuchokera m'mwamba kuti nsomba zisabanike. Anthu ankabwera kudzaonera, ndipo aliyense, kaya m'busa kaya wogulitsa makala, Ababa ankamulandira pakhomo ndi moni wa pamanja. Anali munthu wa moni. Ulendo wa kumsika umene ine ndinkayenda kamodzin'kamodzi, iwo unkawatengera m'mawa wonse.

Matenda anawagwira m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ine nditabwerera kwa makolo ndipo ndikuluka anthu tsitsi pakhonde. Tsiku lina m'mawa kapu ya tiyi inangopulumuka m'manja mwawo. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Tinakhalitsako, ine ndi Amayi tikusinthana kudikirira, ndipo pamene tinkabwerera kunyumba nsomba zonse zinali zitafa, poti magetsi ankazimazima popanda wokhala pambali ndi kapu. Ababa anaima pakhomo, anayang'ana thanki yobiriwira ndi ndere, n'kupitirira kuchipinda.

Mawu anabwerera, ngakhale ankatuluka mochedwa. Mwendo ankaukoka koma unkayenda. Dzanja lamanja ndilo linkangolendewera, zala zitapindikira mkati. Mayi wina wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo kuchipatala, anatiuza mosabisa kuti dzanjalo silinafe, koma likangokhala osagwira kanthu lidzauma, ndipo likauma basi kwatha. Anawapatsa kampira koti azifinya. Kampirako kanakathera pansi pa bedi.

Chimene chinawatsekera m'chipinda ndinachiona ndi maso anga. Kunabwera mkulu wa mpingo kudzawazonda, ndipo mwachizolowezi anatambasula dzanja. Ababa anayesa kudzutsa lawo. Phewa linagwedezeka, dzanja osanyamuka. Mkulu uja anabweza lake msangamsanga n'kuyamba kukamba za dzuwa, koma nkhope ya Ababa inali itagwa kale. Kupereka lamanzere sakanalola, poti kwa iwo kumeneko kunali kutukwana munthu. Kuyambira tsiku limenelo anaphimba dzanjalo ndi kathawulo, ndipo aliyense akaodira tinkamva mawu kuchokera kuchipinda: "Auzeni ndagona."

Ine zinkandipsetsa mtima, ndisaname. Ndinabadwa ndi pakamwa pofulumira, ndipo kangapo ndinawauza kuti anthu akubwera kudzaona iwo, osati dzanja. Ankangotembenukira kukhoma. Koma pansi pa mkwiyowo panali mantha. Ndinkaona kuti dzanja likauma, munthu yense aumira m'chipinda momwemo, tikumuona.

Kenaka inafika nyengo yotentha ija madzi akamasowa m'mipope. Ankatha masiku osatuluka, ndipo akabwera aliyense ankadzaza chilichonse chokhala ndi pakamwa: ndowa, mabeseni, zigubu, mapoto, ngakhale ketulo. Amayi anayang'ana thanki yopanda kanthu ija, anaitsuka mpaka kuwala, n'kuisandutsa nkhokwe ya madzi. Kunena zoona anali maganizo abwino, ndipo azimayi anzawo anawasirira. Vuto linali limodzi: potunga, ndowa inkakodwa pa mtanda wapakati uja. Amayi si munthu wolimbana ndi chinthu kawiri. Anakabwereka sowo yodulira zitsulo kwa aneba, anadula mtandawo mbali zonse ziwiri, ndowa n'kumalowa bwinobwino.

Tsiku limene madzi anabweranso, Amayi anaidzaza mpaka pakamwa. Ine ndinali pakhonde, ndili pakati poluka mutu wa mayi wina, pamene tinamva kuti thwa! m'nyumba. Titalowa tinapeza mkombero utang'ambika pa ngodya imodzi, ndipo galasi lakutsogolo litatuluka mimba. Tili chiimire, kukamwa kuli yasa, tinamva phazi likukhwekhwereza pansi. Ababa anatulukira atagwira khoma.

"Chotsani madzi! Msanga!"

Mawu amphamvu chotero tinali tisanawamve chichokereni kuchipatala. Tinathamangira ndowa. Ngakhale kasitomala wanga, mutu mbali imodzi woluka mbali ina uli nyankhalala, ananyamula beseni n'kumathamanga nalo. Madzi atatsika, galasi linabwerera m'malo mwake, ndipo Ababa anakhala pampando akupuma mwabefu.

"Ndani wadula mtanda?"

"Ndine," anatero Amayi. "Umatchinga ndowa."

"Mtanda umenewo ndi umene umagwira magalasi kuti madzi asawakankhe! Mukanatimiza m'nyumba muno ndi magalasi osweka!"

"Nanga ndikanalota? Zaka zonsezi munandiuzapo? Inu mumangocheza ndi nsomba zanuzo, ife tikutunga madzi."

Anakangana ndithu, ndipo ine ndinaima pakhomo mtima ukuvina. Nyumba yathu inali itakhala nthawi yaitali anthu akulankhula monong'ona ngati pamaliro. Komanso Ababa sanazindikire n'komwe kuti akhala pabalaza, pamaso pa mlendo. Mkangano utazizira anafunsa kumene kunali chidutswa chodulidwacho. Ku Kawale sititaya kanthu. Chinali chikuchirikiza zenera la kukhitchini kuti lisamatsekeke.

"Chibwerere pamalo pake," anatero Ababa.

Ndinaganiza za bambo wina amene ankadutsa pa njinga akufuula kuti, "Omata ndowa! Mabeseni!" Anali wochokera cha ku Mangochi, ankakhala ku Biwi, ndipo sankavula kachipewa kake koyera. Kumbuyo kwa njinga ankamangirira kambaula, tizitsulo tophwatalala ndi thumba la zibenthu za pulasitiki. Panalibe beseni m'nyumba mwathu limene linalibe chipsera cha manja ake. Nditamupeza ndinamufotokozera za thanki, kenaka ndinamuchenjeza kuti, "Koma chonde, musakawapatse dzanja."

"Ndamva, mwana wanga," anatero.

Atalowa anaika dzanja lake pachifuwa n'kuwerama pang'ono. Ababa anachitanso chimodzimodzi ndi lamanzere, ndipo ndinaona mapewa awo akumasuka. Ankamutcha Amisiri, iye ankawatcha Achimwene. Mmisiriyo anazungulira thanki, anagogoda mkombero ndi chikhadabo, n'kunena kuti ntchitoyi ndi yochepa, angokoleza moto amate pomwepo.

"Moto pa galasi ayi," anatero Ababa.

"Achimwene, ine ndamata zigubu zosawerengeka. Chitsulo changa sichiphonya."

"Chigubu sichisweka ndi kutentha, Amisiri. Galasi likamva moto mbali imodzi lithetheka. Mkombero uyambe wachoka."

Mmisiri anakanda kumutu pansi pa kachipewa n'kuvomera. Mkomberowo unamatidwa ku galasi ndi silikoni, guluu uja wofewa ngati mphira, ndipo ntchito yomudula inagwera ine, poti lezala ndimaligwira tsiku ndi tsiku. Ndinkalilowetsa pakati pa pulasitiki ndi galasi n'kumakoka pang'onopang'ono, Ababa ali pampando kumbuyo kwanga ngati kapitawo.

"Usakhudze wa m'ngodya za magalasi. Ameneyo ndiye wagwira thanki yonse. Iwe, ndati pang'onopang'ono! Si mutu wa kasitomala umenewo."

"Ababa, mukapitiriza ndikupatsani lezalali mudule nokha."

Mawuwo atatuluka ndinadziluma lilime. Koma iwo anangoseka, kuseka kopendekera mbali imodzi, n'kunena kuti pakamwa ndinatengera Amayi.

Mkombero utachoka, mmisiri anautengera panja pansi pa mtengo wa mango n'kukoleza mbaula yake. Ababa anayesa kuonera pa zenera, koma sankaona bwino. Posakhalitsa ndinamva akundiitana kuti nditulutse mpando. Anakhala panja, kathawulo kali pa dzanja, anthu odutsa mumsewu akuwakuwira moni iwo n'kumayankha ndi mutu.

Ntchito sinayende monga mmisiri anaganizira. Anasungunula chibenthu cha beseni pa mng'alu, chitazizira anachikanda ndi chala, chinangomatuka chonse. Anayesa cha ndowa, chimodzimodzi.

"Pulasitiki ameneyu ndi wamwano," anatero. "Sakufuna achibale a kuno."

Anautembenuzatembenuza mkomberowo. Kenaka anatenga mpeni n'kupala timizere topyapyala mkati mwake, malo osaoneka, ndipo anasungunulira timeneto pa mng'alu. Apo zinagwirana. Mtanda anaubwezera mwa njira yomweyo, koma Ababa anapukusa mutu, anati pomata pokha sipangalimbane ndi madzi odzaza thanki. Anagwirizana zoika kachitsulo kopepuka kosachita dzimbiri, kochokera pa felemu ya zenera lakale, pamwamba pa mtanda kuchokera mbali ina kufika inzake. Mmisiri anaboola ndi msomali wamoto n'kukhomerera ndi timisomali tofewa tija amamangira zigwiriro za mapoto. Sizinali zokongola. Zinkaoneka ngati beseni la m'nyumba ya ana ambiri, koma ukakoka sizinkagwedera.

Ine Ababa ananditumiza m'tauni kukagula silikoni, atandilangiza ngati ndikupita ku ukwati: ndisatenge wa m'bafa, chifukwa ameneyo amaikamo mankhwala oletsa nkhungu amene amapha nsomba. Nditabwera naye anaboola, ananunkhiza, n'kunena kuti, "Eya, wa fungo la viniga. Ndi yemweyu."

Tsiku lobwezera mkombero linali Lachisanu, ndipo mmisiri anafika m'mamawa kuti amalize nthawi yokaswali kumzikiti isanakwane. Thanki tinali titaitsitsira pa mkeka pakhonde. Ababa anatichenjeza kuti silikoni sadikira munthu: akangopakidwa, mkombero ukhale pamalo pake nthawi yomweyo, ndipo upanikizidwe mpaka utamangidwa. Mmisiri anabwera ndi malegeni, mphira zija amadula ku chubu cha tayala zomangira katundu pa njinga, oti azengereze thanki yonse.

Tinapaka, tinaika mkombero. Amayi anagwira ngodya ziwiri za mbali imodzi. Ine ndinagwira yachitatu, dzanja linalo lili pa mtanda. Mmisiri anayamba kukulunga malegeni. Ngodya yachinayi, yomatidwa ija, inali pafupi ndi mpando wa Ababa, ndipo inkakana kukhala pansi, poti moto unali utaipotozako pang'ono. Ababa anaikanikiza pamwamba ndi lamanzere, iyo n'kuthawira kumbali. Anaikankha kumbali, iyo n'kudzuka m'mwamba. Inkafuna manja awiri.

"Ndikatenge njerwa titsamiritse," anatero Amayi.

"Njerwa pa galasi langa? Ndipo mukachoka pamenepo mbali yanuyo idzuka."

Fungo la viniga linali ponseponse, ndipo ndinkaona silikoni wotuluka m'mphepete akuyamba kuchita khungu. Mmisiri sanadzutse n'komwe mutu. Anapitiriza kukoka legeni, n'kulankhula ngati akupempha machesi.

"Achimwene, pamwambapo sipafuna mphamvu. Pangofuna kulemera kwa dzanja basi. Kankhani kumbali ndi limenelo, linalo lingogona pamwamba."

Ine ndinayang'ana pa mtanda, kuopa kuti ndikawayang'ana Ababa akana. Ndinangoona kathawulo kakugwera pa mkeka. Ababa ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere, analigoneka pa ngodya, kenaka lamanzere linabwerera kukakankha kumbali. Dzanjalo linali litaonda, khungu lake litayererako chifukwa chosaona dzuwa. Poyamba linangokhala pamenepo zala zili chipindire. Mkombero unatsika pang'ono, koma osafika.

"Pang'ono pokha," anatero mmisiri.

Ndinamva Ababa akukoka mpweya. Mtsempha wa pakhosi unatuluka, thukuta linatsika m'mbali mwa khutu. Ndiye ndinaona chala chachikulu chikusuntha, chinatambasuka n'kukagwira m'mphepete, zinzake ziwiri n'kutsatira. Ngodya inakhala pansi, silikoni n'kufinyikira kunja.

Amayi anayamba kukalipira nkhuku ya aneba imene inali kutali, yosalakwa kanthu. Ine misozi inkagwera pa galasi ndipo ndinalibe dzanja loipukutira.

Mmisiri atamanga legeni lomaliza anati tisiye. Anatsuka m'manja, anakwera njinga n'kuthamangira kumzikiti. Dzanja la Ababa linali litapakika silikoni, ndipo ndinagwada n'kuyamba kulipukuta ndi kansalu, chala chimodzichimodzi. Chichokereni kuchipatala anali asanalole munthu kuligwira.

"Lamva kuzizira kwa galasi," anatero motsitsa, ngati akundiuza chinsinsi.

Thanki inakhala pakhonde masiku angapo kuti silikoni aume. Ababa ankatuluka m'mawa uliwonse kukaiyendera, ndipo ndinkawaona pa zenera akudina m'mphepete ndi chala cha dzanja lomwe lija. Tsiku lina posesa ndinapeza kampira kaja pampando wawo. Sindinafunse kuti katuluka bwanji pansi pa bedi. Dzanjalo silinabwererenso mwakale, ndisakunamizeni. Mpeni wa kukhitchini sanaugwirenso, ndipo mabatani a malaya ankawamangira ndi Amayi. Koma silinaume. Patapita nthawi linkagwira kapu yothirira madzi magetsi akazima, nsomba zina zitabwera m'chigubu pa minibasi kuchokera kwa achibale a mmisiri uja.

Koma tsiku limene ndimalikumbuka kwambiri ndi loyesa madzi, nsombazo zisanabwere. Tinachotsa malegeni, tinaika thanki pa miyendo yake pakhonde pomwepo, kuti ikaphulika isanyowetse m'nyumba. Ababa anandiuza kuti ndimange ulusi wolukira tsitsi kutsogolo kwa galasi, wokoka kuti nga, kuchokera ngodya ina kufika inzake. Galasi likayambanso kutuluka mimba, likankha ulusiwo ndipo tiona msanga.

Madzi anali atabwera m'mipope m'mawa umenewo, ndipo mbiri inali itamveka kale kuti TV ya abambo ikuyatsidwanso. Azimayi a mu mzere wathu anabwera ndi ndowa zawo pamutu, aliyense kufuna kuthirako. Ababa anaimirira pambali, diso pa ulusi, akulamula kuti ndowa imodzi ikalowa tidikire kaye. Kathawulo kanali paphewa. Madzi anafika pakati, anapitirira, anayandikira mkombero. Amayi anathira ndowa yomaliza okha, akuyang'ana mtanda umene anaudula uja ngati akuuopseza.

Ulusi sunasunthe.

Azimayi anaimba nthungululu. Nthawi yomweyo mmisiri anatulukira pa njinga yake, anaigwetsa pansi osaiimika n'komwe, anafika n'kuwerama kuyang'ana ngodya yake. Anaigogoda, anaseka, ndipo m'chisangalalo chakecho anaiwala zimene ndinamuchenjeza. Anatembenuka n'kutambasulira Ababa dzanja, pamaso pa anthu onse aja.

Iye mwini anazindikira, ndinaona dzanja lake likufuna kubwerera. Koma Ababa anali atayamba kale. Lamanzere linagwira mkono wamanja cha pamwamba pa chikhatho, linaunyamula, n'kuupereka m'dzanja la mmisiri, iwo atawerama pang'ono. Ndi mmene aliyense woleredwa bwino amaperekera moni kwa munthu amene akumulemekeza. Mlendo wodutsa mumsewu sakanadziwa kuti pali dzanja lodwala. Akanangoona bambo waulemu akuthokoza mnzake.

"Mwagwira ntchito, Amisiri."

"Tagwira tonse, Achimwene."

Ababa sanabweze dzanjalo. Anatembenukira kwa mayi amene anali pafupi, kenaka wotsatira, n'kumapita nawo mzere wonse mmodzimmodzi, akukoka mwendo, kufunsa za ana ndi za abambo kunyumba ngati munthu wobwera ku ulendo. Kumapeto kwa mzere kunali Amayi, ndowa ili m'manja. Anaiika pansi, anapukuta manja pa chitenje, anapinda maondo n'kulandira dzanjalo ndi manja awiri.

"Mwaswera bwanji, mayi?" anafunsa Ababa.

"Ndaswera," anatero Amayi, osalisiya. "Takulandirani."